Pa Mkeka wa Mwalimu: Khutu Lilibe Chitseko



Mwa makalata amene talandira miyezi itatu yapitayi, ilipo imodzi imene yatisowetsa tulo. Yachokera kwa bambo ena a cha ku Nsanama m'boma la Machinga, amene atipempha kuti dzina lawo tisalitchule. Bambowa akuti adapeza mwana wawo wamwamuna wa zaka 16 atagona chagada m'gowelo, nthawi ya swala ya Maghrib itakwana, timawaya tili m'makutu, phazi likugwedera. Adamuitana kawiri koma sadamve. Mkwiyo utawagwira, adamulanda foniyo nayiphwanya pa mwala wonolera zikwanje. Tsopano papita miyezi iwiri mwanayo sakuyankhula nawo, ku madrasa adasiya, ndipo mphekesera zawapeza zoti akufunafuna ndalama ya ulendo wa ku Joni. Kalata yawo yathera pa funso lalifupi: kodi pamenepa wolakwa ndani, bambo, mwana kapena nyimbo?

Woweruza amene ali pachibale ndi mmodzi mwa okangana amayenera kunena poyera mlandu usanayambe. Tsono tinene: ife ndi nyimbo tili pachibale. Tidakulira pakati pa Liwonde ndi Balaka, ndipo munthu amene adakulira kumeneko m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000 akakuuzani kuti nyimbo sadazimve, ndiye kuti adali wogontha.

Ana a lero Balaka amangoiona ngati tauni ya fumbi pomwe basi imaima kuti anthu agule mazira owiritsa ndi chimanga chootcha. Ife tidaidziwa ngati likulu la nyimbo la dziko lonse la Malawi. Balaka idakhala boma palokha mu 1998 itapatulidwa ku Machinga, koma dzina lake lidali litamveka kale kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa kaamba ka gulu la Alleluya Band, limene lidayamba mu 1978 pa mishoni ya Akatolika mothandizidwa ndi wansembe wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici. M'gulu limeneli ndimo mudatuluka a Paul Banda, mng'ono wawo Lucius, a Charles Sinetre, a Coss Chiwalo ndi ena. A Paul Banda adadzatsegula nyumba yojambuliramo nyimbo ya Imbirani Yahwe, ndipo anyamata ankachoka kutali, nyimbo zili m'mutu, ndalama yobwererapo alibe, kudzajambula ku Balaka. A Billy Kaunda ndi a Mlaka Maliro nawonso adadzera m'manja mwa abale awiriwa.

Kamvekedwe ka ku Balaka sikadali kovuta kukazindikira. Ng'oma inkayenda pang'onopang'ono ngati mayi wosenza mtolo wa nkhuni, besi ikulirira pansi, kiyibodi ikudula pakati pa mapazi awiri monga imachitira rege ya ku Jamaica, koma mawu a oyimba ankalukana ngati kwaya. Tisabise, padafika nthawi imene nyimbo zambiri zinkafanana ngati mandasi a m'chiwaya chimodzi, moti ukamva poyambira sukadadziwa kuti atulukire ndani. Koma chimene chidatigwira ife sikiyibodi ayi. Adali mawu. Anthuwa ankayimba m'Chichewa chathu chomwechi za mwana wamasiye, za mayi wofedwa amene achibale a mwamuna amulanda mpaka mbale ndi mphasa, za munthu wosauka amene mlandu wake umathera pakhonde la bwalo. Nkhani ya kudya chuma cha amasiye tidayamba kuimva kuwawa kwake m'nyimbo, tisanafike pa Surat An-Nisa ku madrasa. Titafikapo, mtima udali utalimidwa kale.

Chimbale choyamba cha a Lucius Banda, Son of a Poor Man, chidatuluka mu 1994, chaka chomwe dziko lidachita chisankho cha zipani zambiri n'kuika pampando a Bakili Muluzi, mwana wa kwathu konkuno ku Machinga. Ife panthawiyo tidali ndi zaka 5 zokha, kotero kasetiyo tidaipeza patsogolo m'katoni ya amalume athu, chikuto chitasuluka. Nyimbo ya Mabala tidaimva tisanadziwe kuti mabalawo adali ati. Adali amalume omwewo amene adatikhazika pansi natifotokozera za makadi a chipani, za anthu amene ankatengedwa usiku osabwereranso, ndi chifukwa chake agogo athu ankatsitsa mawu akamatchula mayina ena ngakhale ali m'nyumba mwawo. Phunziro la mbiri ya dziko lino tidalilandira pa mkeka, kaseti ikuzungulira.

Oyimbawa adali Akhristu, ndipo m'makaseti mwawo munkakhala nyimbo zina za chipembedzo chawo. Amalume, amene sadaphonyepo swala ya Ijumaa, adali ndi njira yawo. Ikafika nyimbo yotero ankatulutsa kaseti, kulowetsa cholembera cha Bic pa kabowo, n'kuizunguza m'mwamba akuwerenga chamumtima, ndipo akaibwezera inkagwera ndendende pa nyimbo yotsatira. Kudina batani loyendetsa msanga kudali koletsedwa pakhomo pathu pakuti kunkadya mabatire, ndipo wailesiyo inkameza mabatire 6 aakulu a Sun nthawi imodzi. Akafooka tinkawayanika padzuwa pa denga la nkhokwe kuti atipatseko ola lina. Tepi ikaduka, alongo athu ankailumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo, ndipo pamalo pamenepo woyimba ankachita ngati wameza liwu limodzi. Mpaka lero zilipo nyimbo zimene tikazimva pa wailesi zili zathunthu timadabwa, pakuti m'mutu mwathu zidakhazikika ndi chilema chakecho.

Makaseti enieni ankachokera kwa O.G. Issa ku Limbe, ndipo ankafika pa msika wa Liwonde ndi wa Ntaja m'zikwama za ogulitsa. MBC itatsegula Radio 2 mu 1997, nyimbo zidachuluka ngati ngumbi. Kudabwera rumba ya ku Congo ya Kanda Bongo Man ndi Pepe Kalle, magitala a ku Zimbabwe a Leonard Dembo ndi Alick Macheso, amene nthawi zina ankatidzidzimutsa poyimba m'Chichewa, ndi Lucky Dube wa ku South Africa amene anyamata tinkamuyimba mawu ake osawadziwa tanthauzo. Evison Matafale wa ku Chileka atamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe pa 27 Novembala 2001, tidali ndi zaka 12, ndipo aka kadali koyamba kuona anyamata akuluakulu a m'mudzi mwathu akulira munthu amene sadamuonepo ndi maso.

Miyezi itatu pambuyo pake njala idafika pachimake. Amene adaliko mu Febuluwale 2002 safuna kukumbutsidwa: anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo boma lidalengeza kuti dziko lili pangozi. Wailesi yathu idapita pa ndowa ya chimanga yosadzaza. Palibe amene adatsutsa, koma usiku woyamba nyumba idazizira ngati mwachitika maliro. Ndipo m'chete mmenemo ndimo tidayamba kumva zimene zidali nafe nthawi yonseyi koma wailesi inkaziphimba.

Anganga athu ankayimba. Ankayimba posinja, ankayimba pogoneka mwana, ankayimba potola nsabwe m'mutu mwa adzukulu. Zidali nyimbo za Chiyao za likwata ndi za ku zinamwali, zina za mizere iwiri yokha yobwerezabwereza, koma akafika pena ankapinda liwu ngati nsungwi yonyowa, ndipo tsitsi linkatiimirira. Pa ziyala ndi pa maukwati abambo ankapanga bwalo la sikiri, wopanda ng'oma ngakhale imodzi, chifuwa cha munthu ndicho chikugwira ntchito ya ng'oma: mpweya kutuluka, mpweya kulowa, matupi akuwerama pamodzi, wotsogolera akuponya mawu pamwamba pa onse. Tikudziwa kuti pa nkhani ya sikiri Asilamu a dziko lino adagawikana kuyambira nthawi ya atsamunda, ena a Qadiriyya akuichita, ena otchedwa a Sukuti akunena kuti pamaliro pafunika chete, ndipo mkangano umenewo sitiutsegula pano. Tikungonena zimene khutu la mwana wa zaka 13 lidamva, ndipo lidamva kuti anthu 30 akhoza kupuma ngati munthu mmodzi.

Kudalinso beni. Ambiri amene amavina beni lero sadziwa kuti dzinali lidachokera ku liwu la Chingerezi loti band, ndi kuti guleyu adabadwira ku gombe la Aswahili potsanzira magulu oliza malipenga a asilikali, nafalikira kuno kwathu kudzera mwa asilikali obwerera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Ndicho chifukwa chake muli mayunifolomu, mamendulo ndi maudindo a usilikali. Makolo athu adatenga chinthu cha atsamunda, nachisandutsa chawo mpaka eni ake sakadachizindikira. Amene amati nyimbo zachilendo zayamba ndi foni aganizepo pamenepa.

Radio Islam itatsegulidwa mu 2001, ndiponso makaseti a kaswida a ku Tanzania ndi ku Zanzibar atayamba kufika ndi amalonda, khutu lathu lidapeza msipu wina. Tidamva dufu ikulira bwino m'manja mwa odziwa. Tidamva Yusuf Islam, amene kale adali Cat Stevens asanalowe Chisilamu mu 1977, akuphunzitsa ana zilembo za Chiarabu m'nyimbo. Tidamva Zain Bhikha wa ku South Africa, kenaka Sami Yusuf mu 2003 ndi Maher Zain mu 2009. Pofika nthawiyi kaseti idali ikufa, ndipo anyamata a makompyuta m'misika adali atayamba kubena nyimbo m'timakadi ta foni.

Ku koleji ya Chisilamu tidapita ndi katundu yenseyu m'mutu. Kumeneko tidakumana ndi masheikh amene sadatinyengerere, ndipo tikuwathokoza. Adatiphunzitsa kuti maulama ambiri a mazihabu anayi, kuphatikizapo a Shafi'i amene ife kuno timatsata, adaletsa zida zoyimbira kupatula dufu, potsamira pa hadith ya m'buku la Imam Bukhari imene imatchula zidazo pamodzi ndi zinthu zoletsedwa, ndiponso pa mmene swahaba Ibn Mas'ud adatanthauzira ndime ya 6 ya Surat Luqman. Ameneyu siumboni wopepuka, ndipo amene amauponyera kumbali ndi dzanja lamanzere sadawerenge. Koma masheikh omwewo adatitseguliranso mabuku ena. Ibn Hazm wa ku Andalusia, amene adamwalira mu 1064, sadakhutire ndi umboni woletsawo. Imam al-Ghazali, amene adamwalira mu 1111, adalemba chigawo chathunthu cha za kumvetsera m'buku lake la Ihya, akuyang'ana kwambiri womvera, malo ndi mawu, ngakhale naye zida zina adazikana. M'masiku athu ano Sheikh Yusuf al-Qaradawi, amene adamwalira mu 2022, adaloleza nyimbo za mawu oyera. Tidawerenganso za asungwana awiri amene ankayimba m'nyumba ya mayi Aisha pa tsiku la Idi, Abu Bakr nawadzudzula, koma Mtumiki (SAW) nanena kuti awasiye. Za Anjasha amene liwu lake linkathamangitsa ngamira. Ndi za Bilal amene adapatsidwa azana chifukwa liwu lake linkafika patali.

Fatwa sitipereka pa tsamba lino, imeneyo ndi ntchito ya masheikh a kwanuko amene amakudziwani. Koma pali malo amene maulama onsewa amakumana ngati mitsinje pa nyanja: nyimbo ya mawu otukwana, nyimbo ya pamalo a mowa ndi chiwerewere, ndi nyimbo iliyonse imene ikuchititsa munthu kuphonya swala, imeneyo palibe amene adailoleza. Ife eni, kuchokera ku koleji, zimene timatsegula ndi dzanja lathu ndi kaswida, dufu ndi mawu a anthu. Koma minibasi ya ku Ulongwe ikatsegula nyimbo ya ku Balaka, phazi lathu limaizindikira mutu usanavomere. Ndipo uthenga utafika woti a Lucius Banda amwalira ku Johannesburg pa 30 Juni 2024, tidakhala chete nthawi yaitali, pakuti munthu amene adatiphunzitsa kumvera chisoni mwana wamasiye sitingamuyese mlendo.

Chinthu china tidachipeza ku koleji chimene sitidachiyembekeze. Pophunzira tajwid, anyamata amene adakula akumvetsera ndi amene ankagwira msanga. Qur'an sinyimbo, ndipo malamulo a tajwid ndiwo amatsogola, liwu limangotsatira. Wowerenga amene amakoka chilembo mopyola muyeso kuti zikome walakwa. Komabe owerenga otchuka a ku Egypt, monga Sheikh al-Husary amene adajambula Qur'an yonse mu 1961, Sheikh al-Minshawi ndi Sheikh Abdul Basit amene adamwalira mu 1988, ankayenda m'njira za mawu zotchedwa maqam. Kawirikawiri amayamba ndi bayati, yodekha ngati m'mawa, saba imalira, hijaz ndi imene ambiri mumaimva m'azana, rast imayenda ngati mfumu. Tsiku loyamba kumva saba tidakumbukira mmene anganga ankapindira liwu pa mtondo. Lero m'kalasi mwathu mwana amene amagogoda benchi ndi zala timamuyang'anitsitsa, pakuti kawirikawiri ndi yemweyo amene amamva kusiyana kwa kukoka kwa miyeso iwiri ndi kwa inayi tisanamuuze kachiwiri.

Tsono tibwere kwa inu bambo athu a ku Nsanama. Mwana wanu adalakwa, ndipo tikadakhala naye pano tikadamuuza pamaso: azana ikamveka timawaya timachoka, ndipo bambo akaitana mwana amadzuka. Pamenepo palibe Ibn Hazm amene angamuteteze. Koma m'kalata yanu yonse, ya masamba atatu, simudatiuze kuti mwanayo ankamvera chiyani. Tikuganiza kuti simukudziwa, pakuti simudafunse. Mwina zidali zonyansa zimene zadzaza m'mafoni masiku ano, ndipo zilipodi zoti munthu wamkulu sangazimve mpaka kumapeto. Mwinanso adali Maher Zain. Mwala udaweruza mlandu umene sudaumve. Foniyo idali chuma, mwina adaigula ndi ndalama ya ganyu wa m'dimba, ndipo kuwononga chuma nako chipembedzo chathu sichikuvomereza.

Chimene chikutiopsa ife sinyimbo koma ulendowo. Nonse a m'mbali mwa nyanja mukudziwa mmene anyamata athu amapitira ku Joni: ambiri opanda mapepala okwanira, kugona m'zisakasa, kuthawa apolisi, ena kukathera ku Lindela kudikira kubwezedwa. Mukukumbukira mabasi amene adabweza anthu athu pa zipolowe zothamangitsa alendo mu 2008 ndi mu 2015. Mwana wa zaka 16 amene wanyamuka ali ndi chilonda cha bambo ake mumtima sakhala ndi chomukokera kumudzi, ndipo kumeneko nyimbo adzamvera zonse zimene afuna, popanda woti amudzutse pa Maghrib.

Itanani amalume ake, pakuti kwathu kuno mwini mbumba ndi amene amatsegula pakamwa pa mwana amene watseka. Mukhale pansi atatu. Inu munene kuti swala simunyengerera, koma munenenso kuti foniyo muthandizana kupeza ina mukagulitsa nandolo. Ndipo muike pangano limodzi: tsiku limodzi pa sabata, mukatha kudya nsima yamadzulo, achotse timawaya, atsegule mokweza nyimbo zitatu zimene amazikonda, banja lonse limve. Inunso mumuyimbire imodzi ya nthawi yanu, pakuti sitikukhulupirira kuti munthu wa ku Machinga wa msinkhu wanu alibe nyimbo ya manganje imene idatsala pakhosi. Muona kuti nyimbo imene sangathe kuitsegula pamaso pa mayi ake ndi alongo ake aidumpha yekha, opanda mwala.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni pakati pa nthawi yathu ndi ino. Wailesi yathu inkakhala pakati pa bwalo. Chimene mnyamata ankamva, anganga ankamvanso, ndipo liwu loipa likatuluka panali wina wotsonya, wina wotseka, wina wofunsa kuti kasetiyi wabwera nayo ndani. Amalume sadatiletse nyimbo, koma adali pomwepo ndi cholembera chawo. Timawaya ta m'makutu tachotsa bwalolo. Mwana ali pakati pa abale ake koma ali yekha, ndipo amene akumuyankhula m'khutu palibe akumudziwa. Ngakhale a zaumoyo akudandaula: mu 2015 bungwe la WHO lidachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni pa dziko lapansi ali pa chiopsezo cha kuwonongeka makutu kaamba ka kumvera mokweza kwa nthawi yaitali. Mwana amene mwamuitana kawiri osamva, nthawi zina simwano wokha.

Tili ndi pempho kwa awerengi onse tisanatseke. Mzungu wina wotchedwa Hugh Tracey adayenda m'dziko muno mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo za Amang'anja, Achewa ndi Ayao, ndipo zimene adajambulazo zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Mawu a azigogo athu ali kutali chomwecho, pamene kuno anganga amene amadziwa nyimbo za likwata akutha mmodzimmodzi. Athu adamwalira tilibe chowajambulira. Foni yomweyo imene ikutikanganitsa ikhoza kugwira ntchitoyi: tumani mwana akakhale ndi agogo ake, awapemphe chilolezo, ajambule, afunse kuti nyimboyo ankayimba pa chiyani ndipo adaiphunzira kwa yani.

Ndipo amene muli ndi makaseti akale a kaswida, a ziyala, a beni kapena a ulaliki wa masheikh amene adatisiya, kaya ku Ntaja, ku Chikweo, ku Nayuchi, ku Ulongwe kapena ku Utale, musawataye. Achotseni pansi pa denga la malata pomwe kutentha kumamatitsa tepi, muwasunge m'chikwama pamthunzi. Ife ndi aphunzitsi anzathu awiri tapeza wailesi ya kaseti imene ikugwirabe ntchito ndi chingwe cholumikizira ku kompyuta. Mukawatumiza kudzera kwa amene amakubweretserani magaziniyi, ikani kapepala m'kati kolembapo mudzi, chaka ngati mukuchikumbukira, ndi amene ankatsogolera nyimbo. Kaseti yanu tidzakubwezerani pamodzi ndi kakadi ka foni, Insha Allah. Yoduka musaope kuitumiza, kulumikiza tidaphunzira kalekale.